Kodi ndondomeko za kuchipatala zimapulumutsa ndalama za ndani?

Mayi a Tadala (Chibavi): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere, ndipo ndikudziwa kuti pagulu pano pali anthu a zachipatala. Tadala wakhala akutsokomola kuyambira Lamulungu, mamina osaleka, thupi linatenthako usiku umodzi. Dzulo ndinapita naye kuchipatala china cha boma. Anamuyeza malungo pachala, akuti alibe. Anamuwerenga kapumidwe, kumumvera pachifuwa, kenako adokotala akuti ndi chimfine, ndizimupatsa panado ndi madzi ambiri, ndizimufunditsa. Ndinapempha amoxicillin, anakana, akuti ndondomeko zawo sizilola. Chaka chatha mwana yemweyu, chifuwa chomwechi, ndinapita naye kukiliniki ina yolipira mtauni muno mu Mzuzu. Anandipatsa mankhwala mitundu isanu ndi jakisoni pamwamba, ndinasiya kumeneko phindu langa lonse la sabata imeneyo. Tsono ndithandizeni. Ndondomeko zimenezi n'zotetezadi mwana wanga, kapena ndi njira ya boma yosungira ndalama, ife osauka n'kumabwerera chimanjamanja?

Bambo a Pemphero (Masasa): Mayi, musavutike n'kufunsa. Mankhwala kulibe basi. Akasowa chokupatsani ndiye amati ndondomeko.

Anambewe (namwino, Katoto): Mayi a Tadala, tisanapite patali, mwana wadzuka bwanji lero? Akudya? Akumwa? Mukamukweza malaya n'kuyang'ana m'munsi mwa nthiti, pakulowa mkati akamakoka mpweya?

Mayi a Tadala: Wadya phala m'mawa, pano akusewera pakhonde. Nthiti sizikulowa. Ali ndi zaka zitatu.

Anambewe: Tithokoze Mulungu. Zimene anachita adokotalawo ndi zomwe ndikanachitanso ine. Kuwerenga kapumidwe kuja ndiye pagona nkhani. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi timati akupuma mothamanga, timaganizira chibayo, ndipo amoxicillin timapereka osazengereza. Wa miyezi iwiri mpaka 11 malire ake ndi ka 50. Ngati Tadala sanafike pamenepo, nthiti sizikulowa, akumwa bwinobwino, ndiye ndi chimfine cha kuzizira kwathu kuno, ndipo chimfine chimabwera ndi mavairasi omwe amoxicillin sawapha. Koma akayamba kukana kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka kapena kufooka osadzuka, musadikire kuti kuche. Nyamukani nthawi yomweyo.

Bambo a Limbani (clinical officer, Area 1B): Ndionjezere pang'ono pa zomwe anena a sisitala. Buku la ndondomekozi lilipo, si nkhambakamwa. Limatchedwa Malawi Standard Treatment Guidelines, ife timangoti MSTG, ndipo limachokera ku Unduna wa Zaumoyo. Ine ndinazolowera lachisanu, lomwe linatuluka mu 2015. Mkati mwake muli matenda, zizindikiro zake, mankhwala oyamba kupereka, mlingo wake, masiku ake, komanso nthawi yomwe uyenera kuleka kuyesayesa n'kumutumiza wodwala kuchipatala chachikulu. Limayendera limodzi ndi mndandanda wa mankhwala ofunikira omwe boma liyenera kugula. Cholinga chake n'chakuti mwana wa ku Chitipa ndi mwana wa ku Nsanje akadwala nthenda imodzi alandire chithandizo chimodzi, posayang'ana kuti wakumana ndi ndani tsiku limenelo. Bambo a Pemphero, masiku amene mankhwala kulibe alipodi, sindikana. Koma pa nkhani ya Tadala, ngakhale shelefu ikanadzaza amoxicillin, yankho likanakhala lomwelo.

Malume a ku Kaning'ina: Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndiye funso la Mayi a Tadala landigwira pena. Tiuzeni poyera: ndondomekozi zimachepetsadi ndalama zomwe chipatala chimagwiritsa ntchito? Chifukwa ndimamva kawirikawiri anthu akuti "tikatsata ndondomeko tipulumutsa ndalama", koma palibe amene amandionetsa kuti zatsala m'thumba liti.

Bambo a Yamikani (wa ku famase, Luwinga): Malume, ndikuyankheni kuchokera pawindo pomwe ndimakhala. Mankhwala a zipatala za boma timaitanitsa ku Central Medical Stores Trust, yomwe ili ndi nkhokwe yake konkuno ku Mzuzu ya chigawo chino. Kuitanitsako timayang'ana zomwe zatuluka miyezi yapitayo. Ngati aliyense wolemba mankhwala akutsata buku limodzi, ndimadziwa kuti ana a chibayo akakhala ochuluka chonchi, amoxicillin ofunika ndi wochuluka chonchi. Koma ngati mmodzi akulembera amoxicillin mwana aliyense wa mamina, wina akulemba mankhwala omwe anawaona pa intaneti, wina akuphatikiza atatu pa nthenda imodzi, zomwe ndinaitanitsa za mwezi wathunthu zimatha mwezi usanafike pakati. Ndiye kukubwera mwana wa chibayo chenicheni pa 20 mwezi womwewo, shelefu ili mbee. Kwa ine ndalama yopulumutsidwa ndi imeneyo: mapilitsi omwe sanapite kwa Tadala akudikira mwana amene akuwafunadi.

Malume a ku Kaning'ina: Pamenepo ndamva. Koma kumeneko ndi kugwiritsa bwino ntchito chomwe muli nacho. Bajeti yake sinatsike.

Bambo a Yamikani: Sinatsike, zoona. Bajeti yomwe inali yoperewera kale singatsike. Chomwe chimatsika ndi masiku omwe ndimauza anthu kuti "zatha, kagulani".

Agogo a Chikondi (Mchengautuwa): Ana anga, ndiloleni ndilowererepo, ndinagwirako ntchito ya medical assistant kumidzi ya ku Rumphi kuyambira m'ma 1980 mpaka ndinapuma. Nthawi yathu munthu thupi likatentha, anali malungo basi, n'kumupatsa chloroquine. Analitu wotchipa kwabasi. Koma tinayamba kuona ana akumwa chloroquine n'kubweranso patapita sabata ali oyera m'maso, magazi atachepa. Tizilombo tinali titamuzolowera. Mu 1993 dziko lathu linasintha ndondomeko, tinasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndipo Malawi ndiye anali woyamba mu Africa muno kuchita zimenezo. Fansidar nayenso anafooka patapita zaka, ndiye mu 2007 kunabwera LA. Tsono tamverani, Malume: LA anali wodula kwambiri kuposa Fansidar. Fansidar munthu wamkulu ankamwa mapilitsi atatu kamodzi n'kumapita. LA wamkulu amamwa mapilitsi 24 m'masiku atatu. Ndondomeko imeneyo inakweza mtengo wa mankhwala, sinatsitse, ndipo popanda thandizo la Global Fund ndi ena sitikanakwanitsa. Koma kodi mankhwala otchipa osachiritsa ndi otchipadi? Mwana wobwerera katatu, kenako n'kugonekedwa, n'kuikidwa magazi, nthawi zina n'kutisiya, ameneyo mumamulemba mbali iti ya buku lanu?

Malume a ku Kaning'ina: Agogo, mwandifunsa funso lomwe buku langa lilibe malo ake.

Agogo a Chikondi: Sindinamalize. LA atabwera tinapitiriza chizolowezi chathu chakale, aliyense wotentha thupi LA. Apa ndiye ndalama zinkatayikadi ngati madzi a m'dengu. Mu 2010 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati yezani kaye musanapereke, ndipo mu 2011 tizipangizo toyezera malungo pachala tinafika m'zipatala zathu. Ndi tomwe anamuyezera Tadala dzulo. Kachipangizoko kamagulidwa, inde, koma kamatseka bomba lomwe linkangotayira LA kwa anthu a chimfine. Chinanso chomwe anthu saona: ukapeza kuti si malungo umakakamizika kufufuza kuti nanga n'chiyani. Kale tinkaphimba matenda ambiri ndi dzina la malungo. Anthu anatitukwana miyezi yoyambayo, amayi ankati dokotala wake ndi wouma manja. Zomwe mwamva inu Mayi a Tadala dzulo, azimayi anzanu anazimva kalekale.

Mayi a Tadala: Agogo, zikomo. Kunena zoona mtima unandiwawa potuluka ndi panado yekha, nditakhala pamzere kuyambira 6 koloko, bizinesi nditasiyira mnzanga kumsika wa Zigwagwa. Munthu umaona ngati sanakuwerengere.

Tiya wa ku Mzuni: Pepani akuluakulu, ndine mwana koma ndikuphunzira za unamwino ndipo izi tinakambiranapo m'kalasi. Malume afunsa za manambala. Alipo ochokera konkuno kwathu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, m'mawodi a akuluakulu, anaona kuti ceftriaxone, jakisoni wa pamtsempha uja, akuperekedwa mopitirira muyeso. Analemba ndondomeko yawoyawo ya maantibayotiki, anaiika pa foni kuti aliyense aziiona ali pambali pa bedi, ndipo ankazungulira m'mawodi kuonanso odwala omwe ayamba kale mankhwala. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2020. Mwa maantibayotiki 100 alionse olembedwa, a mtundu wa ceftriaxone anatsika kuchoka pa 80 kufika pafupifupi 54. Imfa sizinachuluke, masiku ogona m'chipatala sanachuluke, ndipo anawerengera kuti pa chaka zingapulumuke ndalama pafupifupi madola 15,000 a ku America.

Malume a ku Kaning'ina: Mwana wanga, wachita bwino, zimenezo ndi zomwe ndimafuna. Koma ndinenenso mosabisa. Madola 15,000 pa chipatala chachikulu ngati chija ndi kadontho. Ndalama zambiri za chipatala zimapita ku malipiro a ogwira ntchito, magetsi, madzi, chakudya, mafuta a ambulansi, kukonza makina. Zimenezo sizisuntha chifukwa mwachepetsa jakisoni mmodzi. Ndiye amene amalonjeza kuti ndondomeko zidzachotsa mavuto a ndalama m'zipatala akulonjeza zomwe sangapereke.

Anambewe: Malume, mukuwerenga mtengo wa botolo lokha. Bwerani usiku umodzi mudzaone wodi. Jakisoni aliyense wa pamtsempha amafuna kanula, sirinji, magolovesi, madzi osungunulira, ndi manja a namwino. Usiku namwino mmodzi kapena awiri amakhala ndi wodi yonse. Mphindi zomwe ndikubaya munthu yemwe akanatha kumeza mapilitsi ndi mphindi zomwe sindili pa bedi la yemwe akubanika. Chinanso, munthu wa pa jakisoni sangatuluke. Amagwira bedi, ndipo wina yemwe wabwera pa ambulansi kuchokera ku Karonga, wadutsa mapiri a Chiweta usiku, amagona pansi. Ndondomeko imati pakapita masiku awiri kapena atatu muoneninso wodwala, ngati akupeza bwino ndipo akutha kumeza musinthireni ku mapilitsi, azipita kwawo. Tsiku limodzi lochotsedwa pamenepo silioneka mu bajeti, koma funsani gadiyani yemwe akugona pasimenti m'mwezi wa Julaye, akugula nkhuni ndi ufa, wasiya munda ndi ana kumudzi.

Ndipereke chitsanzo china cha kumbali yathu ya azamba. Mayi wobereka kudzera opaleshoni, WHO imati apatsidwe antibayotiki kamodzi opaleshoni isanayambe, ngati palibe chizindikiro cha matenda zatha pomwepo. Koma chizolowezi cha malo ambiri chinali kupitiriza masiku asanu kapena asanu ndi awiri, "kuti bala lisaole". Werengani azimayi onse a opaleshoni pa chaka, muchulukitse ndi masiku amenewo. Pamenepo si kadontho ayi.

Bambo a Pemphero: Zonsezi n'zomveka mukamalemba. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye mundimvere ine. Bambo anga ali ndi BP. Ali ndi buku lawo lakuchipatala lija latsala pang'ono kudzaza. Mwezi uliwonse ndimawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala china, sinditchula dzina. Adokotala amalemba bwinobwino monga mwa ndondomeko yanuyo, mitundu iwiri. Tikafika pawindo, umodzi ulipo, wina kulibe, nthawi zina yonse kulibe. "Kagulani mtauni." Ine ndine wa kabaza. Tsiku limenelo sindinagwire ntchito, ndiye ndikagulenso mankhwala. Miyezi ina ndimagula a sabata ziwiri zokha, bambo n'kumadumphitsa masiku kuti afike kumapeto. Chaka chatha anagwa, mkono wamanzere sukugwiranso bwino mpaka lero, anagona m'chipatala sabata zitatu. Tsono mundiuze, pamenepo ndondomeko yapulumutsa ndalama za ndani? M'buku la chipatala mwina zikuoneka kuti agwiritsa ntchito zochepa. Zinachoka m'thumba mwanga.

Mayi a Tadala: Pepani kwambiri Bambo a Pemphero. Sindinadziwe kuti agogo anadwala chonchi.

Bambo a Yamikani: Achimwene, pepani. Apa sinditsutsa ngakhale liwu limodzi, chifukwa amene amanena kuti "kagulani" ndi ine, ndipo ndimaona nkhope ya munthu ikugwa. Mwanena chinthu chenicheni. Ndondomeko imalembedwa poganiza kuti zomwe yatchula zili pashelefu. Zikapanda kukhalapo, mtengo sunathe, wangosamuka kuchoka ku boma kupita kwa inu. Ndipo umadzabwereranso ku boma utakula, chifukwa sabata zitatu za bambo m'wodi zadya ndalama zoposa mapilitsi a BP a zaka zingapo. Mapilitsi ngati hydrochlorothiazide ndi amlodipine ali m'gulu la mankhwala otchipa kwambiri. Pafupifupi mankhwala onse timagula kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula makatoni ochepa, odwala osachepa. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Buku la ndondomeko silingalowe m'malo mwa lonjezo limenelo.

Anambewe: Bambo a Pemphero, chimodzi chokha ndikupempheni. Kudumphitsa masiku kuja n'koopsa. Mukapitanso muwauze adokotala mosabisa kuti mtundu wakutiwakuti simukuupeza ndipo simungakwanitse kugula. Nthawi zambiri pamakhala wina wolowa m'malo womwe ulipo. Sangadziwe mukapanda kubwerera kuchokera pawindo n'kuwauza.

Bambo a Pemphero: Kubwereranso pamzere uja, sisitala?

Anambewe: Simuyambiranso mzere. Gogodani, munene kuti mwachokera ku famase. Ngati akukanizani pitani kwa sisitala woyang'anira.

Mayi a Ulemu (Chiputula): Ndakhala ndikungowerenga, koma poti kiliniki yolipira yatchulidwa, ndiyankhulepo, ndimagwira ntchito pa ina mwa izo. Sindikana kuti pena timapereka zochuluka. Malo olipira amapeza ndalama pa chilichonse chomwe chatuluka, jakisoni, dripi, botolo lililonse, ndiye ndondomeko yoti "perekani zochepa" imalimbana ndi lendi ndi malipiro athu. Izo n'zoona ndipo ndi bwino zinenedwe. Koma nanunso odwala muli ndi mbali yanu. Munthu amalowa atanena kale kuti "ndabwerera dripi". Ukamuuza kuti sakufunika, amatuluka n'kupita pa kiliniki yoyandikana nayo, n'kukalalika kuti kuja sadziwa ntchito. Ena amafika atamwa kale bactrim wa pagolosale masiku awiri. Tikufuna anthu omwe angalipire ndalama yoonana ndi dokotala, n'kuuzidwa kuti palibe chofunika kumwa, n'kutuluka okhutira. Pakadali pano ndi ochepa.

Mayi a Tadala: Ameneyo ndi ine ndithu chaka chatha. Ndinatuluka ndi jumbo yodzaza mtima uli m'malo. Lero ndi pomwe ndikudzifunsa kuti mwa mitundu isanu ija, wofunika unali uti.

Bambo a Limbani: Pali mbali ina yomwe sitinaikhudze, ndipo ndi yomwe imandilemera ine. N'chifukwa chiyani timathamangira ceftriaxone? Si umbuli nthawi zonse. Ndi mantha. Wodwala wafika usiku, thupi lili moto, sakuyankhula bwino. Buku likuti tenga magazi ukaone kuti ndi tizilombo tanji ndipo tikufa ndi mankhwala ati. Koma kuyeza kotero kumachitika m'malabu ochepa, ndipo ngakhale komwe kulipo, zipangizo zake zimatha. Ndiye uli wekha ndi munthu yemwe angafe m'manja mwako. Umatenga mankhwala omwe amapha tizilombo tambiri nthawi imodzi, ndipo tsiku loyambalo nthawi zambiri n'kulondola kutero. Vuto limabwera tsiku lachitatu, lachinayi, lachisanu, palibe wabwera kudzafunsa kuti kodi akufunikabe. Chomwe chinathandiza ku Blantyre kuja, Tiya, sindikhulupirira kuti ndi foni yokha. Ndi anthu omwe ankabwerera pa bedi. Buku lopanda womuyendera wolemba mankhwala limangokhala m'kabati ya bwana likudya fumbi.

Ndipo mtengo waukulu wa zonsezi sunafike. WHO kuyambira 2017 inagawa maantibayotiki m'magulu atatu: ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku monga amoxicillin, oyenera kusamala nawo monga ceftriaxone, ndi osungira pomaliza. Tizilombo tikazolowera ceftriaxone, ndipo tayamba kale kutero m'zipatala zathu, chotsatira ndi mankhwala ngati meropenem, odula kwambiri ndipo osowa. Zomwe Agogo anaona ndi chloroquine zikubwera ndi maantibayotiki, kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno wolowa m'malo sitingamukwanitse.

Tiya wa ku Mzuni: Bambo a Limbani, funso langa: nanga ndondomeko ikanena china, inu maso anu akuona china?

Bambo a Limbani: Umatsata wodwala, n'kulemba chifukwa chake m'fayilo kuti wobwera pambuyo pako amvetse. Buku linalembedwera anthu ambiri, pomwe pa bedi pagona munthu mmodzi, mwina ali ndi impso zofooka, mwina ndi woyembekezera, mwina akumwa ma ARV. Choipa ndi kupatuka popanda chifukwa, kapena chifukwa choti "ine ndinazolowera chonchi". Koma ndikuchenjeze, mwana wanga: munthu akamati maso ake amaposa buku tsiku lililonse, ameneyo umuope.

Agogo a Chikondi: Ndikumbutseni za quinine, achinyamata simunamuone bwino. Mwana wa malungo aakulu tinkamuika dripi ya quinine maola 8 alionse, iliyonse izitsika pang'onopang'ono kwa maola anayi, uku ukuopa kuti shuga atsika m'thupi. Mu 2010 kunatuluka kafukufuku wa ana oposa 5,000 m'maiko 9 a mu Africa, woonetsa kuti jakisoni wa artesunate amapulumutsa ana ambiri kuposa quinine. Ndondomeko inasintha. Botolo la artesunate n'lodula kuposa la quinine, ndiye Malume akangoyang'ana risiti aona ngati taluza. Koma palibe dripi ya maola anayi, umabaya poyamba, pakapita maola 12, pakapita 24, mwana akadzuka n'kuyamba kumeza umamupatsa LA. Ine ndikanakhala ndi artesunate ku Rumphi kuja, pali manda ena ang'onoang'ono omwe sakanakumbidwa. Ndimawakumbukira ana amenewo.

Malume a ku Kaning'ina: Agogo, ndamva. Ndiye ndikonze funso langa. Ndinafunsa ngati bajeti imatsika, ndipo yankho ndaliona kuti kawirikawiri ayi, pena imakwera kumene. Chomwe ndingavomere n'chakuti kwacha iliyonse imagwira ntchito yokulirapo. Koma zomwe anena Bambo a Pemphero zisaiwalike. Aliyense wobwera kudzatiuza kuti chipatala chapulumutsa ndalama, tizimufunsa ngati wawerengera thiransipoti ya wodwala, tsiku lomwe gadiyani sanagwire ntchito, ndi risiti ya ku famase ya mtauni.

Anambewe: Ilipo ndondomeko imodzi yomwe inawerengeradi thumba la wodwala. Anzathu omwe akumwa ma ARV kale ankabwera mwezi ndi mwezi, kenako miyezi itatu iliyonse. Tsopano amene akumwa mokhulupirika ndipo tizilombo tachepa m'magazi amatha kulandira a miyezi isanu ndi umodzi. Munthu wa ku Usisya kapena ku Mpherembe amayenda kawiri pa chaka basi. Mzere wachepa, ife tapeza mpata woona omwe akudwaladi. Ndipo musaiwale 2011, pomwe Malawi anayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera yemwe wapezeka ndi HIV, osadikira kuyeza CD4 yoonetsa chitetezo cha m'thupi, chifukwa makina oyezerawo sankapezeka m'zipatala zazing'ono. Maiko ena anadzatengera kwa ife. Ndondomeko imeneyo inalembedwa ndi anthu omwe anayang'ana chomwe tili nacho, osati chomwe ali nacho ku London. Ndikanakonda BP ndi shuga ziganiziridwe motero.

Bambo a Pemphero: Bambo anga akanamalandira a miyezi itatu yokha, ndikanavina. Koma a mwezi umodzi omwe akusowa.

Bambo a Yamikani: Kusiyana kwake n'kwakuti ma ARV amagulidwa ndi ndalama za abwenzi akunja, makamaka Global Fund, ndipo ali ndi njira yawoyawo yofikira m'zipatala. A BP amadalira thumba la boma. Ndipo mwaona momwe zinthu zinagwedezekera mu Januwale 2025 dziko la America litaimitsa thandizo lake. Ngakhale mbali yomwe imaoneka yolimbayo yatsamira pa khoma la mwini.

Bambo a Limbani: Chinanso cha kuno kwathu. Chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chinatsegulidwa mu 2000 kuti chizilandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba. Koma mzinda uno ulibe chipatala cha boma chapakati, cha ku Mzimba boma chili kutali, ndiye anthu a mtauni amafuna kuthamangira komweko ndi chilichonse. Ndondomeko yotumizirana odwala imati yambirani kuchipatala chaching'ono, ku Mapale kapena komwe muli nako pafupi. Kuona chimfine pa chipatala chachikulu n'kodula, chifukwa nthawi ya katswiri ndi makina ake zinaikidwira matenda ena. Koma sindingamudzudzule mayi yemwe walumpha chipatala chaching'ono ngati ulendo wapitawo anapezako shelefu yopanda kanthu. Zonse zikubwerera pa nkhani ya Bambo a Pemphero.

Mayi a Ulemu: Kodi komiti ya chipatala ija, yomwe mumakhala anthu a m'dera, ilibe mphamvu pa nkhani ya mankhwala?

Bambo a Yamikani: Ili nayo mbali yake. Mamembala ake amayenera kukhalapo katundu akamatsitsidwa, kuona zomwe zafika n'kusayinira. Angathenso kufunsa kuti mwezi uno zasowa ziti ndipo zinaitanitsidwa liti. Ambiri sadziwa kuti angafunse zimenezo. Bambo a Pemphero, fufuzani kwa a mfumu a m'dera lanu kapena kwa khansala kuti ndani akukuimirirani kumeneko, nkhani ya bambo anu ikamveke pa msonkhano wawo.

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabweranso ndi za Tadala. Usiku watsokomola kwambiri, mpaka ndinadzuka n'kuyatsa tochi ya pafoni. Ndinachita zomwe munanena, sisitala, ndinadikira agone phee n'kuwerenga mphindi yathunthu pa wotchi. Ndinapeza 30, ndinabwerezanso ndinapeza 32. Thupi silikutentha. M'mawa uno wadya mbatata ndi tiyi. Koma chifuwa chausikuchi ndichite nacho chiyani? Apongozi anga akuti ndikagule botolo la mankhwala a chifuwa pagolosale.

Anambewe: Mwachita bwino kwambiri kuwerenga, 32 ali bwino. Botololo lisiyeni, kwa mwana wa msinkhu umenewo silithandiza ndipo ena amangomugonetsa. Mupatseni kasupuni kamodzi ka uchi asanagone, kapena muusungunule m'madzi ofunda ndi ndimu pang'ono. Uchi ndi wa ana opitirira chaka chimodzi okha, wakhanda musamupatse. Asakhale pafupi ndi mbaula, utsi wa makala umaputa chifuwa, ndipo mbaula isagone m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji. Chifuwa cha chimfine chimatha kutenga sabata kapena kuposerapo chisanatheretu. Chikafika masiku 14, kapena thupi likayambanso kutentha, kapena mwawerenga n'kupeza 40, mubwerere naye ndipo mutenge buku lake.

Mayi a Tadala: Uchi ndili nawo wa ku Nkhata Bay. Apongozi ndiwawerengera uthenga wanuwu okha amve.

Bambo a Pemphero: Sisitala, tsiku la bambo ndi Lachinayi likubwerali. Ndikajambula tsamba la m'buku lawo n'kukutumizirani kumbali, mungandiuze dzina la mtundu womwe umasowawo kuti ndikathe kuwafotokozera adokotala? Zolemba zake sinditha kuziwerenga.

Anambewe: Tumizani madzulo ano ndikaweruka, cha m'ma 5. Mujambulenso mapaketi omwe ali nawo kunyumba, ngakhale opanda kanthu.